Tifunseni za Kompyuta: Mawu Asowa, Sikirini Yada, Intaneti Yakana

Mwezi uno mafunso abwera ambiri ndithu, ena pa WhatsApp ena pa Facebook, moti sinditha kuyankha onse pa tsamba limodzi. Ndasankha okhudza mawu, sikirini ndi intaneti poti ndi amene achuluka. Koma chimene chandikhudza ndi choti m'makalata ambiri muli mawu amodzimodzi, oti "ndinapita nayo kwa okonza anandiuza kuti ikungofunika kufomata." Abale anga, kufomata ndi kufufuta chilichonse nkuyambiranso, si mankhwala a matenda onse ayi. Ine ndinaonapo mayi wina akulira pa tebulo langa, lipoti la kusukulu lomwe analemba miyezi inayi litapita, zithunzi za ukwati zitapita, chifukwa mnyamata wina pa shopu ina m'tauni anawafomatira laputopu yomwe vuto lake linali loti mawu sakutuluka basi. Ndipo atafomata mawuwo sanabwerere, chifukwa chomwe chinaonongeka chinali kabowo kolowetsa mahedifoni. Mpaka lero zimandiwawa. Nde tiyeni tione mafunso.

FUNSO: Akulu, ndine mphunzitsi kuno ku Dedza. Ndili ndi laputopu ya HP, Windows 10. Sabata yatha ndinailumikiza ku TV ya pasukulu ndi chingwe cha HDMI kuti ana aonere phunziro la sayansi, zonse zinayenda bhobho. Koma chichokereni kumeneko mawu sakumvekanso olo pang'ono, voliyumu ili pa 100 koma kuli zii. Kodi TV ija yawotcha masipika anga?
Mphunzitsi, Dedza

YANKHO: Aphunzitsi, mtima m'malo, ndikukaika kwambiri ngati pali chomwe chapsa. Mwachita bwino kunena chimene munapanga komaliza vuto lisanayambe chifukwa yankho lili pomwepo. Chingwe cha HDMI chimanyamula zinthu ziwiri, chithunzi ndi mawu omwe, kusiyana ndi chija cha VGA cha mutu wa buluu chomwe chimanyamula chithunzi chokha. Nde mukalowetsa HDMI, Windows imasamutsa mawu kupita ku TV, ndipo imayenera kuwabweza yokha mukazula chingwe, koma pena siwabweza makamaka ngati munangotseka laputopu chingwe chili momwemo nkudzazula itagona kale. Laputopu yanu ikuyankhulabe, kungoti ikuyankhulira ku TV yomwe munaisiya kusukulu.

Pangani chonchi. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mu kabokosi kamene katulukeko lembani mmsys.cpl nkudina Enter. Pa Playback muona mndandanda wa zipangizo zonse zotulutsa mawu, ndipo chimodzi chikhala ndi kachizindikiro kobiriwira. Ngati kachizindikiroko kali pa dzina la TV kapena pa china cholembedwa HDMI, pangani right click pa Speakers musankhe Set as Default Device. Speakers akapanda kuoneka, right click pamalo opanda kanthu mu bokosi lomwelo, musankhe Show Disabled Devices, atuluka otuwa, nde muwapange Enable. Kenako dinani Test, mumve kabelu kumanzere kenako kumanja.

Zikakanika pamenepo musathamangire kwa okonza, pali zinthu zina zing'onozing'ono zomwe zimanamiza anthu. Ngati munalumikizapo sipika ya Bluetooth ndipo ili yoyaka m'chipinda china, mawu akupita kumeneko, zimitsani Bluetooth muone. Palinso Volume Mixer, mumaipeza mukapanga right click pa kasipika ka pansi kumanja pafupi ndi wotchi, mmenemo pulogalamu iliyonse ili ndi voliyumu yakeyake moti Chrome itha kukhala pa 0 pomwe voliyumu yaikulu ili pa 100. Kenako lowetsani mahedifoni. Mukamva mawu m'mahedifoni koma mukazula kuli zii, nde kuti Windows ili bwinobwino, vuto ndi masipika kapena kabowo kaja. M'kati mwa kabowoko muli kachitsulo kamene kamauza laputopu kuti mahedifoni alowa, kakakanirira kapena mukadzadza fumbi laputopu imaganiza kuti mahedifoni adakali momwemo. Kulowetsa ndi kuzula kangapo pang'onopang'ono pena kumathandiza, koma musapisemo singano kapena waya.

Mawu akasowa konsekonse, mahedifoni ndi masipika omwe, apo nde tiganize za driver, kapulogalamu kamene kamachititsa kuti Windows izimvana ndi chipangizo cha mawu. Right click pa Start, Device Manager, tsegulani Sound, video and game controllers. Malaputopu ambiri mupeza palembedwa Realtek. Right click, Uninstall device, nkupanga restart, Windows imamubwezeretsa yokha. Mafayilo anu sakhudzidwa ngakhale limodzi.

Ndipo poti ndinu aphunzitsi ndikudziwa kuti mumafuna kalasi yonse imve. Musamakweze voliyumu ya VLC, pulogalamu ija yoonerera mavidiyo, kudutsa 100, pulogalamu imeneyi imalola koma timasipika ta laputopu nta ting'ono kwambiri, timayamba kulira ngati tang'ambika ndipo tikazolowera kukakamizidwa choncho timafa msanga. Bola kugula kasipika kapadera.

FUNSO: Ine ndimawamva anzanga bwinobwino pa Zoom koma iwo sandimva. Ndikugwiritsa ntchito desktop ya achimwene anga ndi mahedifoni a foni, omwe pa foni amagwira bwino. Lachisanu ndili ndi intavyu, chonde thandizeni.
Wofuna ntchito, Zomba

YANKHO: Achemwali kapena achimwene, poti simunanene, taonani kaye kamutu ka mahedifoni anuwo. A foni amakhala ndi timizere titatu, kusonyeza kuti waya wa maikolofoni uli pa kamutu komweko pamodzi ndi wa mawu. Foni ndi malaputopu a masiku ano ali ndi bowo limodzi lomwe limamva zonse ziwiri. Koma madesktop ambiri ali ndi mabowo awiri, lobiriwira la mawu ndi la pinki la maikolofoni. Inu mwalowetsa mu lobiriwira, nchifukwa chake mukumva koma mawu anu alibe polowera. Chofunika ndi kachingwe kogawa, mbali ina bowo limodzi mbali ina timitu tiwiri, kapena kaja ka USB kamene kali ndi kabowo ka mahedifoni. Pokagula tengani mahedifoni anu mukayese pompo, chifukwa pali tina tofanana nato tomwe ntchito yake ndi yoti anthu awiri azimvera nyimbo limodzi, timeneto sitikuthandizani.

Ngati kachingwe muli nako kale, lowani mu Settings, Privacy, Microphone, pa Windows 11 amalemba Privacy & security. Onetsetsani kuti zonse zili On, makamaka ya pansi yomwe imanena za desktop apps poti Zoom ili m'gulu limenelo. Mu Zoom momwemo pitani pa Settings, Audio, musankhe maikolofoni yoyenera nkudina Test Mic, muyankhule mudzimve nokha. Kwa ena amene muli ndi malaputopu a Lenovo ThinkPad, ambiri mwa iwo batani la F4 limatseka maikolofoni ndipo limayaka kanyali, anthu amalidina mwangozi osadziwa.

Koma za Lachisanuzi, yesani zonsezi Lachitatu ndi mnzanu, ndipo ikani Zoom pa foni ikhale yodikirira. Intavyu si nthawi yoyesera zingwe. Zabwino zonse.

FUNSO: Bambo, ndili ndi kashopu kotaipa ndi fotokope pa Mchinji boma. Magetsi anathima ndili mkati motaipa, atabwera ndinayatsa kompyuta, fani ikuzungulira, kanyali kakuyaka, koma pa sikirini palibe kanthu kuli bii. Muli ma CV ndi makalata a makasitomala ambiri ndipo akundivutitsa. Wina wanena kuti motherboard yapsa ndigule ina. Nditani?
Mayi wa bizinesi, Mchinji

YANKHO: Mayi, pepani kwambiri, ndikudziwa kuti tsiku lililonse kompyuta ili chigonere ndi ndalama yomwe yapita. Ndiyambe ndi chokukhazikani mtima pansi: ma CV aja sakhala mu sikirini kapena mu motherboard, thabwa lalikulu la m'kati lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo, amakhala mu hard disk, chipangizo chosungira mafayilo. Ngakhale zitapezeka kuti motherboard yapsadi, hard disk imachotsedwa nkuikidwa mu kabokosi ka USB nkukopera mafayilo pa kompyuta ina. Nde aliyense amene agwire makina anuwo mumuuze mawu awa asanamasule sikuluwu ngakhale imodzi, kuti za m'kati musafufute.

Tsopano amene wanena za motherboard uja mwina akunena zoona, koma wadumpha masitepe ambiri. Funso loyamba nlakuti, wadwala ndani, monitor kapena bokosi? Yang'anani kanyali ka monitor. Ngati sikakuyaka konse nde kuti monitor sikulandira moto, yesani chingwe china cha magetsi, nthawi zambiri chimafanana ndi cha bokosi lija, komanso mapulagi athu a mano atatuwa ali ndi fyuzi m'kati yomwe imapsa magetsi akabwera mwamphamvu. Ngati kanyali kakuyaka ka orenji kapena pakubwera mawu oti No Signal, monitor ili moyo koma bokosi silikutumiza chithunzi. Zulani chingwe cha VGA kapena HDMI mbali zonse nkubwezeretsa molimba, muonenso kuti monitor sinasinthe yokha Input, bowo lomwe ikulandirira chithunzi. Ndipo ngati muli ndi TV kunyumba kapena neba ali ndi monitor, kuyesa bokosi lanu pamenepo kukuuzani zambiri kuposa kulosera kwa munthu aliyense.

Kayeso kena kosavuta, kompyuta itayaka kwa mphindi ziwiri dinani Caps Lock pa kibodi. Kanyali kake kakamayaka ndi kuzima mukamadina, bokosi likuganiza bwinobwino, vuto lili ku chithunzi basi. Apo yesani kudina Windows, Ctrl, Shift ndi B nthawi imodzi, imalira kamodzi nkudzutsanso mbali ya chithunzi. Kanyali kakapanda kuyankha, nde kuti makina akukanika kudzuka.

Zikatero zimitsani, zulani ku khoma, gwirani batani loyatsira osasiya kwa masekondi 30 kuti moto wotsalira uthe, bwezeretsani muyatse. Zimaoneka ngati zachibwana koma makompyuta ambiri amene anazima ndi magetsi amadzuka ndi zimenezi. Ikakanabe, chotsatira ndi RAM, ndipo pa zomwe ndakhala ndikuona ine, fani kuzungulira sikirini ili bii kawirikawiri amakhala RAM. Ndi timatabwa titalitali tobiriwira tomwe timaima pa motherboard, togwidwa ndi timapini mbali zonse. Mutazula ku magetsi, gwirani kaye chitsulo cha bokosi, tsegulani timapinito, chotsani RAM, pukutani mano ake agolide ndi labala yofufutira pensulo mofatsa, chotsani zinyenyeswa, nkubwezeretsa mpaka imveke kuti thwa. Ngati zilipo ziwiri yesani imodzi imodzi. Fumbi la mu Okutobala lija likalowa kenako nkubwera chinyezi cha dzinja, mano amenewa amachita dzimbiri pang'ono osaoneka ndi maso. Mvetseraninso ngati bokosi likulira bip bip poyaka kapena kanyali kakuphethira mowerengeka, werengani kangati nkukamuuza wokonza, chifukwa ndi njira yomwe makina amanenera pomwe pakupweteka.

Chimodzi chokha ndikukuletsani, musatsegule kabokosi ka chitsulo komwe kumalowa chingwe cha magetsi, power supply. M'menemo mumatsala moto woti utha kuvulaza munthu ngakhale mutazula. Komanso madesktop ena akale ali ndi kaswitchi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230, kuno magetsi athu ndi 230, mwana akakasuntha kupita pa 115 power supply imaphulika mukangoyatsa.

Ikadzuka, ndalama yoyamba yomwe mupeze gulani UPS, kabokosi ka batire kosunga moto magetsi akathima, olo yaing'ono, yoti ikupatseni mphindi zochepa zosevera ntchito nkuzimitsa bwino. Ndipo magetsi akathima zimitsani pa khoma, akabwera dikirani kaye pang'ono akhazikike musanayatse. Ma CV ajanso muzikopera pa fulashi madzulo aliwonse.

FUNSO: Mwana wanga anaseweretsa kibodi, pano zonse pa sikirini zazondoka, mawusi ndikapititsa kumwamba ikupita pansi. Yaonongeka?
Bambo wa ana atatu, Ndirande

YANKHO: Ayi bambo siinaonongeke, ndipo mwanayo musamukalipire. Dinani Ctrl ndi Alt pamodzi ndi kamuvi koloza kumwamba. Pa makompyuta akale a Intel zimabwerera pompo. Zikapanda kutero, right click pa desktop, Display settings, tsikani mpaka pa Display orientation musankhe Landscape, osati ija yolembedwa flipped. Mawusi ivuta pang'ono poti zonse nzozondoka, limbani nayo. Ndiyankhiretu ndi wina wa ku Kasungu amene anati mitundu yonse yathawa sikirini yasanduka yotuwa ngati TV yakale: dinani Windows, Ctrl ndi C, kapena fufuzani Color filters mu Settings muzimitse. Ngati sikirini ikuoneka yachikasu madzulo okha ndi Night light imeneyo, koma ikakhala ya pinki kapena yobiriwira tsiku lonse pa desktop, onani timano ta chingwe cha VGA, kamodzi kapindika.

FUNSO: Achimwene, ndimagwiritsa ntchito hotspot ya foni pa laputopu. Ikulumikiza ndithu koma pansi pakulembedwa No internet, pomwe pa foni WhatsApp ikuyenda bwinobwino mameseji akulowa. Ndapanga restart kambirimbiri. Assignment ikufunika ndiitumize Lolemba.
Wophunzira, Mzuzu

YANKHO: Achimwene, mawu oti "WhatsApp ikuyenda" ndi amene ndaima nawo. Kulumikiza ku hotspot ndi kukhala ndi intaneti ndi zinthu ziwiri zosiyana. Wi-Fi ndi kamsewu kochoka pa laputopu kufika pa foni basi, kuchoka pa foni kupita kunja ndi nkhani ya bandulo ndi netiweki. Nde funso langa nlakuti munagula bandulo yanji? Kaya muli pa Airtel kaya pa TNM, pali mabandulo a WhatsApp kapena Facebook okha, ndipo pali a intaneti yonse. Ya WhatsApp siitsegula Google, pa foni kapena pa laputopu. Yesani pompano, pa foni pomwepo tsegulani Chrome mulowe tsamba lililonse lomwe simunalitsegulepo. Likakana, laputopu ilibe mlandu, onani balansi. Anthu ambiri amene amandibweretsera vuto limeneli timathera pomwepa, bandulo yaikulu inatha usiku yatsala ya WhatsApp.

Tsamba likatseguka pa foni, pemphani mnzanu alumikize foni yake ku hotspot yanu. Iyenso akakanika vuto ndi foni yanu, ikani pa Airplane mode kwa kanthawi nkuchotsa, muonenso ngati Data Saver siili yoyaka kapena simunaike malire a data pa hotspot. Koma mnzanuyo akalowa bwinobwino, tsopano tatsimikiza kuti wodwala ndi laputopu, ndipo apa nde pofunika kufatsa.

Yambani ndi kuiwalitsa netiwekiyo, right click pa dzina la hotspot, Forget, nkulumikizanso ndi pasiwedi. Kenako ganizirani ngati laputopuyi inagwirapo ntchito pa netiweki ya kukoleji kapena ku ofesi, chifukwa malo ena amaika proxy ndipo imatsalira, mukafika kunyumba laputopu imafunabe kudutsira pa geti la kusukulu lomwe kulibe. Settings, Network & Internet, Proxy, zimitsani Use a proxy server. VPN, pulogalamu yodutsitsa intaneti yanu njira ina, nayonso chimodzimodzi, makamaka zaulere zija anthu amaika pofuna intaneti ya bule, zimasokoneza kwambiri ndipo zina zimabwera ndi mavairasi, ichotseni.

Zikakanikabe tsegulani kabokosi kakuda. Pa Start lembani cmd, right click, Run as administrator. Musaope, palibe chomwe muononge ndi mawu awa. Lembani ipconfig nkudina Enter, yang'anani IPv4 Address. Ikayamba ndi 169.254 nde kuti laputopu sinapatsidwe adiresi ndi foni, yangodzipatsa yokha, apo lembani ipconfig /release kenako ipconfig /renew. Ngati adiresi ili bwino lembani ping 8.8.8.8 muone. Pakabwera Reply from, intaneti ikufika ndithu. Kenako lembani ping google.com, iyi ikakana pomwe ya manambala ija inayankha, vuto ndi DNS, yomwe ili ngati buku la manambala a foni, imasandutsa dzina la tsamba kukhala nambala. Lembani ipconfig /flushdns, ndipo ngati sizikusintha lowani mu properties za Wi-Fi yanu muike DNS pamanja, 8.8.8.8 ya Google kapena 1.1.1.1 ya Cloudflare. Chomaliza ndi netsh winsock reset nkupanga restart, kapena Network reset yomwe ili mu Settings. Imeneyi imafufuta mapasiwedi a Wi-Fi ndi ma settings a netiweki, assignment yanu siikhudza.

Koma poti Lolemba layandikira, njira yachidule nayi: tengani chingwe chotchajira chomwe chimatha kukopera mafayilo, lumikizani foni ku laputopu, muyatse USB tethering pa foni. Imalambalala Wi-Fi yense ndipo foni imatchaja nthawi yomweyo. Tumizani assignment kaye, zokonzazi mupange mtima uli pansi.

Kwa amene hotspot siikuoneka nkomwe pa mndandanda, malaputopu akale ambiri amamva 2.4 GHz yokha pomwe mafoni atsopano ena amaulutsa pa 5 GHz. Sinthani band mu settings za hotspot, pa iPhone ndi Maximize Compatibility.

FUNSO: Mwana wanga ali ku Johannesburg anatitumizira laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito. Intaneti ilipo koma tsamba lililonse likukana, pakubwera mawu ofiira oti Your connection is not private. Kodi anthu akutibera? Tachita mantha tangoitseka.
Agogo opuma pa ntchito, Ntcheu

YANKHO: Agogo, mwachita bwino kusamala, uthenga umenewo si wounyozera. Koma ukamabwera pa tsamba lililonse, Google yomwe, choyamba yang'anani deti ndi nthawi pansi kumanja. Ndikukhulupirira kuti mupeza chaka cholakwika, mwina zaka zingapo m'mbuyo. Masamba a pa intaneti amakhala ndi chiphaso chosonyeza kuti ndi enieni, ndipo chiphasocho chili ndi tsiku loyambira ndi lothera ngati laisensi. Kompyuta ikamaganiza kuti tili mu 2015 imaona ngati ziphaso zonse nzabodza nde imakana. Pansi pa uthengawo pamalembedwa ERR_CERT_DATE_INVALID ngati vuto ndi limeneli.

Right click pa wotchiyo, Adjust date/time, konzani deti, muyatse Set time automatically. Pa time zone sankhani UTC+02:00 Harare, Pretoria, nthawi yathu ndi imodzi ndi ya ku Joni komwe yachokera.

Mukaona kuti mwakonza lero koma mawa yabwereranso m'mbuyo, ndi kabatire kakang'ono ka m'kati katha. Nkozungulira ngati ndalama yachitsulo, nthawi zambiri CR2032 ka 3 volts, ntchito yake ndi kusunga nthawi makina akazima. Pa desktop nkosavuta kusintha, pa laputopu kamakhala kokutidwa ndi timawaya tiwiri ndipo pena kali pansi pa kibodi, nde apatseni odziwa. Nkotchipa, asakuuzeni kuti ndi vuto lalikulu.

Chinanso mufunse adzukulu akuonereni kuti muli Windows yanji. Ngati ndi Windows 7, Microsoft inasiya kuisamalira mu Januwale 2020 ndipo Chrome yake inaima pa 109, masamba ena azikana ngakhale deti ili bwino. Windows 10 nayo anaisiya pa 14 Okutobala 2025, ikugwirabe ntchito koma pa zinthu za kubanki muzisamala. Ndipo deti ikakhala yolondola koma uthengawo ukubwera pa tsamba limodzi lokha, makamaka la ndalama, musapitirire, tsekani.

FUNSO: Ndikagula 2GB pa foni imanditengera masiku, koma ndikangolumikiza laputopu ola silikwana yatha, ndisanapange chilichonse. Akundibera ndani?
Wowerenga, Area 25, Lilongwe

YANKHO: Achimwene, laputopu ikaona Wi-Fi imaganiza kuti yapeza intaneti yopanda malire, siidziwa kuti kuseri kuli bandulo yomwe mwagula movutikira. Nde imayamba kukoka ma update, omwe akuluakulu ake amatha kupitirira 3GB, OneDrive kapena Google Drive imayamba kukweza zithunzi, antivirus nayo ikufuna zake. Muiuze. Mutalumikiza, pitani Settings, Network & Internet, Wi-Fi, dinani dzina la hotspot yanu, muyatse Metered connection. Muyenera kupanga zimenezi pa netiweki iliyonse payokha, ndipo mukagwiritsa ntchito chingwe cha USB imaoneka ngati Ethernet nde muikenso kumeneko. Pansi pa Windows Update pali Delivery Optimization, zimitsani Allow downloads from other PCs kuti makina anu asamagawire ena ndi data yanu.

Kuti mumudziwe wakudya weniweni tsegulani Data usage mu Network & Internet momwemo, imaonetsa pulogalamu iliyonse ndi data yomwe yadya m'masiku 30 apitawa. Mwina mupeza kuti ndi Chrome, chifukwa YouTube pa sikirini yaikulu imadzisankhira 1080p yomwe pa ola limodzi imadutsa 1GB mosavuta. Tsitsani pa 360p kapena 480p, phunziro limamveka chimodzimodzi.

Koma ndikupempheni, ma update musawatseke mpaka kalekale monga amachitira ena. Ndi amene amatseka mipata yolowera mavairasi. Sankhani tsiku limodzi pa mwezi, pomwe mwapeza Wi-Fi ya kuntchito kapena bandulo yausiku, muilole imalize zonse.

FUNSO: Sikirini ya laputopu yanga ikumaphethira ndi kuonetsa mizere, koma ndikaiweramitsa pang'ono imakhala bwino. Pena imada koma nyimbo zikumvekabe.
Wowerenga, Chipata

YANKHO: Apa nde palibe setting yomwe ingathandize, ndipo kufomata kungakhale kutaya nthawi ndi mafayilo. Chithunzi chikamasintha mukasuntha chivundikiro, ndi kachingwe kopyapyala kamene kamadutsa mu hinji kuchoka pa motherboard kupita ku sikirini, kakhwepa kapena kayamba kuduka. Zimachitika kwambiri kwa amene amatsegula laputopu pogwira pakona kapena kuinyamula pogwira sikirini. Kuti mutsimikize ilumikizeni ku TV ndi HDMI nkudina Windows ndi P musankhe Duplicate, pa TV chithunzi chikakhala choyera bwino nde kuti m'kati mwa makina muli bwino. Nthawi yomwe yada ija, walitsani tochi ya foni pafupi ndi sikirini mopendeketsa, mukaona zithunzi mwa chizimezime ndi nyali ya kumbuyo kwa sikirini yomwe ikuzima, ndipo kawirikawiri moto wake umadutsa mu kachingwe komweko. Pitani nayo kwa wokonza mumuuze ayambe wayang'ana kachingwe ndi hinji asanakugulitseni sikirini yatsopano, mtengo wake ndi wosiyana kutali. Pakadali pano ipezereni malo amodzi pa tebulo, muisiye yotsegula pomwe ikuonetsa bwino, musamaitseketseke.